Dzira la a Liao

Kampani ina ya ku Taipei inali itamaliza pulogalamu ya pafoni yoitanitsira chakudya m'malesitilanti a Mayi Hsu, ndipo imayenera kuperekedwa masana omwewo. A Liao, amene anailemba, munthu woti sanavomerepo kulakwa chiyambire ntchito, ankamwa tiyi pamene Pei-shan, woyesa mapulogalamu, anaima pambali pawo foni ili m'manja.

"Achimwene, pali vuto. Munthu akaitanitsa supu ya ng'ombe, pakubweranso dzira."

"Dzira lanji?"

"Lowiritsa. Palibe walipempha."

A Liao anasuzumira pafoni. Dzira linalipodi. Sanadziwe komwe lachokera, koma nkhope sinasinthe.

"Si vuto limenelo. Ndinachita dala."

"Dala?"

"Eetu. Supu yopanda dzira ndi supu?"

Pei-shan anaganiza kaye. "Ndi supu."

"Aaa, inu simudziwa kudya."

"Chabwino." Anadinadina pafoni. "Koma akaitanitsa tiyi, dzira likubweranso."

"Dala!"

"Akaitanitsa dzira lenilenilo, akubwera awiri."

"Dzira limodzi lingakhutitse ndani?"

"Ine limandikhutitsa."

"Sitinalembere inu pulogalamuyi, chemwali."

"Nanga munthu akalifufuta, bwanji likubwerera?"

A Liao anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Zimenezo sankazidziwa. "Likubwerera?"

"Ndalifufuta kasanu. Pano ndili ndi mazira asanu ndi limodzi."

"Ndiye luso lake limenelo! Anthu asazolowere kutaya chakudya."

"Asazolowere... kutaya... chakudya," anabwereza Pei-shan, zala zikuthamanga.

"Mukulemba chiyani kodi?"

"Zomwe mukunenazi. Abwana anati mavuto ndizibweretsa kwa inu, koma zatsopano zonse ndizitumiza kwa Mayi Hsu. Inu mwati si vuto."

"Iyayi, dikirani! Musatumize!"

"Zinapita kale pa mawu oti 'dala' aja. Izi ndikungowonjezera."

A Liao anaimirira, mpando nkugwera kumbuyo. Maganizo awo anali oti Pei-shan akangopita kukadya, iwo alisake dziralo mwakachetechete, alichotse, nkhani nkuthera pomwepo.

"Mwalembapo dzina la ndani?"

"Lanu. Ndikanaba nzeru za eni?"

Foni inalira. Pei-shan anawerenga yankho la Mayi Hsu, a Liao atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Akuti chiyani? Atithamangitsa?"

"Akuti m'zaka makumi atatu sanaonepo munthu womvetsa malonda ngati inu. Auza kale wa nkhuku kuti abweretse galimoto yodzaza mazira m'mawa."

"Mayo ine!" A Liao anayang'ana uku ndi uku, nkutsitsa mawu. "Pei-shan, mvetserani bwino. Ndi vuto."

"Mwati ndi dala."

"Ndinanama! Sindikudziwa n'komwe komwe likuchokera dziralo. Sindinalembe mawu oti dzira pena paliponse!"

"Ndiye luso lake limenelo."

"Musandibwezere mawu anga! Lembani kuti ndi vuto, ndikupemphani."

"Sindingathe. Mayi Hsu asainira kale." Foni inaliranso. Pei-shan anawerenga, nkhope nkuwala. "Ooh, muli ndi mwayi, achimwene. Vuto lenileni lapezeka tsopano."

"Zikomo Ambuye! Lotani?"

"Akuti ayesa kuitanitsa mpunga, dzira silinabwere. Akufuna mukonze isanakwane fili koloko."