Wogwira Chingwe, Bambo Osborne Kalizang'oma

Malemu bambo athu Osborne Kalizang'oma anabadwa pa 14 Epulo, 1966, m'mudzi wa Chimphepo, kumunsi kwa mapiri a Golomoti m'boma la Dedza. Pulayimale anaphunzira ku Mua, ndipo m'chaka cha 1985 analowa sukulu ya ntchito zamanja. Atamaliza analembedwa ntchito yoyendetsa makina olambula misewu.

Mu 1988 anakwatira mayi Nachisale, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Joanna. Mayiwo anatisiya mu 1992, mwana akadali wamng'ono, akuchikazi n'kumutenga. Mu 1997 malemu anamanga banja ndi mayi Mildred, namwino, amene akhala patsogolopa. Mayi atapeza ntchito kuno ku Mangalande mu 2003, bambo anawatsatira ndipo anakhazikika ku Tipton. Anapempha kuti abwere ndi Joanna, koma atsibweni ake anakana. Pamene ankavomera n'kuti mwanayo atapitirira zaka zololedwa kubwera kuno pa chitupa cha makolo. Nkhaniyi inkawadya mumtima bambo athu moyo wawo wonse.

Mu 2006 analowa ntchito pa kampani yoyala mapaipi a gasi m'mapiri a ku Wales, kenaka ku Scotland. Anamalira, ambirife timangoyatsa mbaula osadziwa kumene gasiyo wadzera. Pali malo otsetsereka moti makina okumba sangaime paokha. Amawamangirira chingwe chachitsulo, ndipo pamwamba pa phiri pamakhala munthu ndi makina ena ozikika pansi, kugwira chingwecho. Munthu ameneyo anali bambo Kalizang'oma. M'mawa uliwonse ankayenda ndi chingwe chonse, kuchisisita ndi dzanja, kufufuza kawaya koduka. Mvula ikafewetsa nthaka ankakana kutsitsa paipi, ngakhale mabwana akwiye chotani. Anzawo akutiuza kuti pa zaka zonsezo palibe anavulala pansi pa chingwe chawo.

Lamulo lawo linali lakuti wogwira chingwe amatsika pomaliza, wina aliyense atafika pansi. Khalidweli anabwera nalo ndi kunyumba komwe. Kutchalitchi kwathu ku Small Heath ankatuluka pomaliza, atayang'ana mawindo onse, mayi akudikira m'galimoto nkhope itagwa. Tinkawaseka, iwo n'kumangomwetulira. Bambo ankamuimbira foni Joanna Lamlungu lililonse, kumulonjeza kuti phiri limeneli likatha abwerera kumudzi akakhale naye pafupi. Koma phiri lina likatha, linkabwera lina. Anaonana komaliza mu 2017.

Mu Malichi chaka chino anayamba kuvutika kumeza chakudya, ndipo madokotala anawapeza ndi khansa ya pammero. Mayi Mildred, amene asamala odwala ambirimbiri, anawasamala amuna awo mpaka ana awo awiri, Clinton ndi Twambilile, anatopa nawo m'malo mwawo. Malemu sanapemphe china chilichonse koma kuona nkhope ya Joanna. Tinayamba kuthamangira mapepala a ulendo wake, koma anachedwa kutuluka. Bambo analimba mtima, anadikira, tsiku ndi tsiku akufunsa ngati mwana wanyamuka. Anatisiya Loweruka pa 9 Novembala, Joanna ali m'ndege. Ndegeyo inatera ku Birmingham mawa lake. Zimenezi zatipweteka kwambiri, sitibisa.

Malemu asiya mkazi, mayi Mildred, ana atatu, Joanna, Clinton ndi Twambilile, ndiponso adzukulu awiri ku Dedza amene sanawanyamulepo.

Akubanja akuthokoza abusa ndi mpingo, amayi a chigwirizano amene sanachoke pakhomo, Amalawi ndi abale athu a ku Zambia ochokera ku Coventry ndi madera ena, komanso anamwino anzawo a mayi amene anawagwirira mashifiti. Tikuthokozanso anzawo a kuntchito amene atsika m'mapiri kudzakhala nafe.

Anzawowa apempha kuti kumanda agwire zingwe zotsitsira bokosi, ndipo tavomera. Kwathu mwana wamkazi sagwira chingwe pamanda, tikudziwa. Koma Joanna wapempha, akuluakulu a mbali zonse akambirana, ndipo chingwe cha kumutu agwira ndi iyeyo. Sanathe kuwagwira dzanja bambo ake ali moyo, tisamuletse ichi.

Bambo Kalizang'oma, munatsitsa anzanu bwinobwino zaka zonsezi. Lero mwana wanu wafika, akutsitsani mosamala. Mzimu wanu uuse mumtendere.