Chinangwa Chimene Ndinasiya M'madzi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo a kuno ku Msumba.

Ndine make Tereza. Chaka chatha amuna anga, amene amagwira ntchito padoko ku Metangula, anapeza mkazi wina. Ankhoswe analephera. Mlandu wothetsa banja unapita ku posito, ku ofesi ya boma, ndipo amuna angawo ananena poyera kuti ana athu, Tereza ndi Yohane, adzawatenga.

Tikudikira mlanduwo, uthenga unafika: amayi anga ali kayakaya m'chipatala ku Likoma.

Abale, nyengo ino ya nkhondo mukuidziwa. Wowoloka nyanja amati wathawa. Ndinafunsa womasulira wa ku posito, "Ndikapita, ana andilanda?" Iye anati, "Mayi, giya yanu, kalata yokulolani ulendo, ituluka, ya ana ayi. Mukachedwa, alemba kuti munawataya."

Amayi uko, ana kuno. Ndinapemphera. Ndinakumba chinangwa, ndinasenda, ndinaviika pagombe kuti pobwera ndidzasinje ufa. Ana ndinawasiya kwa alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga. Wina ndinalibe. Anawalandira osandiyang'ana kumaso.

Amayi ndinawapeza akupuma, anandizindikira. Atatisiya, tinawaika konko. Kenako mwera unayamba. Unawomba, abale, unawomba. Ngalawa zonse zili pamtunda. Masiku a giya anatha ndikuyang'ana mapiri a kwathu.

Nditakocheza, sipayi, msilikali wa boma, ananditengera ku posito. Amuna anga anali atafika kale. Anati, "Anathawa uyu. Yamubweza ndi njala. Funsani mlongo wanga."

Alamu anaimirira.

Anati, "Achimwene, musandinamizitse. Chinangwa chake ndinavuula ndine, chitayamba kununkha. Kodi wothawa amaviika chinangwa?"

Shefu, mzungu woweruza mlanduwo, sanamvetse. Anafunsa akuluakulu amene anakhala pakhonde. Mmodzi anati, "Muuzeni mzunguyo kuti kuno mkazi saviikira ng'ona. Woviika amabwera."

Shefu analemba, analemba. Ine mutu pansi. Womasulira anati, "Ana akhala ndi mayi awo."

Mulungu anatsegula pakamwa pa munthu amene ndinkamuopa kwambiri. Ndikumuthokoza. Ndikuthokozanso alamu, amene mpaka lero achimwene awo sawalankhula.

Banja linatha. Ndimayanika usipa, Tereza wayamba sukulu, timagona atatu pamphasa imodzi.

Chinangwa chija alamu anachiyanika, nandibwezera. Kondowole wake anali wowawasa, ndipo Yohane anakwinya nkhope. Ndinati, "Idya, mwanangu. Ameneyu anakuimira pamlandu."

Ambuye alemekezeke.