Uthenga wa kwa Amalume Unkangobwerera

Moni abale anga mwa Ambuye. Ndine mtsikana wa Fomu 3 wa ku Kawale. Pagulu sinditha kuyankhula, n'chifukwa chake ndalemba. Amayi anga adatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha uthenga umene unkakanika kufika.

Madokotala adapeza chotupa m'mimba mwa amayi, nati pakufunika opaleshoni msanga. Amayi adakana. Kwathu munthu sapita ku mpeni mwinimbumba asanavomere, ndipo mwinimbumba wathu ndi amalume, amene amagwira ntchito pafamu ina ku Joni. Foni adalibe. Njira yokha yowapezera inali imelo ya ofesi ya pafamupo.

Ndikaweruka kusukulu ndinkapita ku kafe ya intaneti ya a Saidi ku Biwi, kumene ankatumizira anthu mauthenga pa adiresi ya imelo ya kafeyo. Wanga unkabwerera. Ndikalemba wina, nawonso kubwerera. A Saidi adandifotokozera kuti akuba ena adatumiza mauthenga achinyengo kudzera pa kompyuta yaikulu ya kampani imene inkawapatsa intaneti. Kompyutayo idaikidwa pa mndandanda wa zokanidwa, ndipo maofesi ambiri akunja sankalandiranso chilichonse chochokera kumeneko, chabwino ndi choipa chomwe.

Kunyumba amayi ankangofooka. Ngakhale phala silinkakhala m'mimba. Ndikalowa ankadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Achimwene ayankha?" Ine ndinkangoyang'ana pansi. Panalibe woti ndimudandaulire, poti wotseka njirayo sindinkamudziwa dzina kapena nkhope. Ndidafika pogwada mawu opempherera osatuluka.

Tsiku lina masana ndidapeza a Saidi akukangana ndi bambo wina wovala tayi, woyang'anira makompyuta pa ofesi ina ya mtauni.

"Waba ndi munthu mmodzi, inu mwatsekera mudzi wonse m'chitokosi!" adatero a Saidi.

"Achimwene, mukadaona zinyalala zimene zimagwa m'mabokosi mwathu mwa imelo! Popanda mndandandawo ntchito singayende. Auzeni akampani anuwo asese pakhomo pawo."

"Asesa liti? Nanga mwana uyu walakwanji?"

Onse adatembenukira kwa ine. Ndidalakalaka nthaka itandimeza. Ndidangokwanitsa kunena kuti, "Amayi akudwala," misozi n'kuyamba. Zotsalazo adafotokoza ndi a Saidi. Kenaka bambo wa tayi uja adati, "Za mndandandazo sindisintha maganizo. Koma uthengawo ndipatseni, kwathu sikudatsekedwe."

Ndidawapatsa ndilibe chiyembekezo. Mawa lake adafika okha ku kafe atanyamula yankho losindikiza. Amalume adalemba kuti sankadziwa chilichonse, kuti avomera, ndipo tisachedwenso. Nditawawerengera amayi, adati ndibwereze. Kenaka adati, "Kanditengere chitenje, tizipita."

Opaleshoni idayenda bwino, ngakhale adokotala adatidzudzula kuti tidachedwa kwambiri. Lero amayi akuyenda okha, ndipo Lamulungu lapitali adafika kutchalitchi.

Abambo awiri aja akakumana amakanganabe, ndipo ine sindidziwa wolondola ndani. Chimene ndikudziwa n'chakuti Mulungu adandithandiza kudzera mwa munthu amene ndinkamuyesa wouma mtima. Ndikuthokoza Ambuye, ndikuthokozanso abambo onse awiri. Inu amene mwatopa kudikira yankho, musafooke. Ngakhale mawu atakutherani, gwadanibe, Iye amamva ndi misozi yomwe. Ameni.