Wachisamba Akukwera Ndege

Pa siteji ya basi, mayi wina anasenza sutukesi yatsopano pamutu, akuseka yekhayekha. Bambo amene anaima pambali pake analephera kuugwira mtima.

"Mayi, chosekacho tigawireniko. Ulendo wa kuti?"

"Si wanga, achimwene, ndi wa mwana wanga wachisamba. Yunivesite yake yamusankha kuti akaphunzire kunja chaka chathunthu. Pa ndege!"

"Eee! Ndiye mwagulitsa chiyani? Nyumba?"

"Ngakhale supuni! Fizi, pogona, tikiti, zonse alipira okha. Ine yanga ndi sutukesiyi basi."

"Koma samalani. Mlamu wanga anamupusitsa anthu otumiza ana kunja. Mwana wake anakapezeka akukolopa m'nyumba za eni, pasipoti atamulanda."

"Zoterozo ndinazimva, n'chifukwa chake ndinawakhalira aphunzitsi ake pakhomo mpaka anaimba foni ya vidiyo kunjako. Ndinaona chipinda, bedi, loko wa pachitseko, ndi mayi amene akamuchingamire. Ndinawauza kuti atsegule ndi kubafa komwe!"

"Kubafa? Inu ndinu apolisi!"

"Mwana wanga amayenda pa njinga ya olumala, achimwene. Kuno kalasi yake ili pamwamba. Ndimachita kumubereka pa masitepe, namwali wamkulu, anzake akuyang'ana. Kumeneko, ukangoyandikira chitseko, chimatseguka chokha!"

"Chokha? Osachigwira?"

"Ngati chaona bwana! Ndinawauza kuti abwereze, ndionenso."

"Ha! Ndiye msana wanu upumako tsopano."

"Upuma, achimwene, upuma. Kungoti uzimva mphepo."