Thabwa la a Nsungwi

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1990, achitatu m'banja la ana asanu. Pofika zaka khumi ndi ziwiri anali atawapitirira kale bambo awo msinkhu, ndipo mayi awo ankangokhalira kumasula mipendero ya mathalauza. Anzawo anawatcha Nsungwi, dzina lomwe lawaperekeza mpaka lero.

Mu 2005, ali ku sekondale, aphunzitsi a masewera anawapeza akupachika belu osakwera pampando, n'kuwapatsa mpira wa basiketibolo. Mu 2011 anaitanidwa kunja, ku timu ya ligi yachiwiri, komwe anatha chaka chathunthu pabenchi osadandaula. Chaka chotsatira ndi iwo anaponya mpira womaliza umene unakweza timuyo kupita mu ligi yaikulu.

Anakwatira mu 2014, ndipo mu 2016 anadalitsidwa ndi mwana wamkazi. Ntchito yawo inali yosamukasamuka: maiko anayi, matimu asanu ndi imodzi, nyumba za lendi zokhazokha. M'nyumba yoyamba ankalemba msinkhu wa mwana pakhoma, ndipo tsiku losamuka akazi awo analira posiya mizereyo. Malemu anangokagula thabwa loti azilembapo mizereyo. Thabwalo lakwera ndege kangapo litakulungidwa m'bulangeti, anzawo a patimu akuwaseka kuti ena amabwerako ndi zikho, a Nsungwi amayenda ndi nkhuni.

Mizere ya pathabwa inkakwera mofulumira. Alendo ankayamika kuti mwana watengera bambo. Mayi ake ankasekerera nawo, koma mtima uli m'mwamba, maso ali pa tizala take tatitali ndi kupuma kwake akathamanga.

Mu 2022 timu yatsopano inawayeza asanasaine. Madokotala anapeza kuti mtsempha waukulu wa pamtima watupa, ndipo anati vutoli n'lakumtundu, limayendera limodzi ndi kutalikako. Munthu amene ankawasakira matimu anawapezera ligi ina yosafunsa zambiri. Malemu anakana. Anati bambo wobisa zotsatira zake sangamugwire mwana dzanja kupita naye kokayezetsa. Anapachika nsapato ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo sabata yomweyo anapita naye mwanayo kuchipatala.

Vutolo linapezeka mwa iyenso, koma lidakali laling'ono, lofunika mankhwala ndi kuunikidwa chaka ndi chaka. Pofuna kuti asamaope, bambo ake anakonza zoti tsiku lakuchipatala likhalenso tsiku lathabwa: pobwerako, nsapato pansi, msana kuthabwa, mzere watsopano. Mwanayo anafika pomawerengera masiku.

Malemu anachitidwa opaleshoni pa 2 Juni chaka chino, ndipo anatisiya pa 11 Juni ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Asiya mkazi, mwana mmodzi, mayi awo ndi abale anayi.

Banja likuthokoza madokotala, anamwino, anzawo a m'matimu onse, ndi akalipentala amene anatalikitsa bedi kuti agone osapinda miyendo. Mayi a mwana akupempha ziwiri. Achibale nonse aatali, kayezetseni. Ndipo mukamupepesa mwanayu, musamuuze kuti adzalowa m'malo mwa bambo ake pabwalo.

Tsiku lake lakuchipatala ndi pa 4 Ogasiti. Adzapita. Wodzalemba mzere ndi bambo ake aang'ono, pomwe iwo akadatha kufikira pamutu pake.

A Nsungwi, gonani mumtendere.