Mita ya ku Zambia

Lachiwiri pa 12 Novembala 2024, pa esiteti ina ya fodya ku Mlonyeni, kapitawo Goliati Soko analamula tenanti wina, mayi wamasiye wochokera ku Phalombe dzina lake Tiyamike, kuti agumule mizere yonse ya m'munda mwake. Mwini esitetiyo, yemwe amakhala ku Lilongwe, anali atalamula kuti pakati pa mzere ndi unzake pakhale masentimita 120, ndipo a Goliati, atayeza ndi ndodo yawo yansungwi, anapeza kuti mizere ya mayiyu yatalikirana kwambiri.

"Amake Mwayi, mizere iyi munayeza ndi chiyani? Ndi maso?"

"Ndi tepi, a Kapitawo."

"Tepi. Pa esiteti ino pali tepi?"

Tiyamike anamasula mfundo ya chitenje natulutsa tepi yachikasu ya atelala, yokulungidwa bwino.

"Bwana anati 120. Ku sukulu ya kwacha anatiphunzitsa kuti 120 ndi mita imodzi ndi masentimita 20. Mita imodzi ndi masentimita 100. Sentimita imodzi ndi mamilimita 10. Kilomita imodzi ndi mamita 1,000."

"Ndakufunsani za makilomita ine?"

"Ayi, koma zimayendera limodzi. Ndikadumpha imodzi ndimaiwala zonse."

A Goliati anaimika ndodo yawo pakati pa awiriwo.

"Mita ndi iyi. Mukaigoneka pansi, n'kuwonjezerapo chikhatho changa chimodzi chotambasula, ndiyo 120 ya bwanayo. Matenanti onse ayeza ndi iyi. Inu nokha mwasiya mipata yoti ngolo n'kudutsa. Mukuwononga malo a eni. Gumulani, mupangenso. Mvula sidikira munthu."

"Ndili ndekha, a Kapitawo. Mizere imeneyi yanditengera mwezi. Mbande ku nazale zakula kale."

"Mukakanika, munda tipatsa wina. Basi ya ku Phalombe sinasiye kuyenda."

Tiyamike anayang'ana ndodoyo, kenako tepi yake.

"Tingoyerekeza ndodoyo ndi tepiyi?"

"Kuti chichitike n'chiyani?"

"Ngati ndi mita, ifika pa 100."

"Fulumirani. Ndikudikira ngolo yobweretsa chitseko changa kuchokera ku Boma. Chachitsulo, osati zamatabwa zanuzi."

Nyumba yatsopano ya a Goliati inali kumapeto kwa mundawo, pafupi ndi mtengo wamango, yofoleredwa kale koma khomo lili pululu. Tiyamike anagwada, nagoneka ndodo ndi tepi pamodzi. Anawerenga kawiri, chala chili pa nambala.

"85."

"Yambirani mbali inayo."

Anatembenuza ndodo.

"85 yomweyo."

A Goliati anatenga tepiyo, naiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo ngati ndalama yokayikitsa.

"Munaigula kuti?"

"Anandigulira achimwene anga a Macdonald, oyendetsa thiraki aja. Ku Chipata."

"Ku Chipata." A Goliati anaseka, namubwezera. "Bwenzi mutanena kale. Iyi ndi mita ya ku Zambia."

"Mita ilinso ndi dziko?"

"Kwacha ilibe dziko? Mukapita pa boda ndi kwacha yathu, amakupatsani kwacha ya ku Zambia yofanana nambala?"

"Ayi."

"Nanga. Dzina limodzi, mphamvu zosiyana. Inu mwatenga mita yakunja n'kulowa nayo m'munda wa ku Malawi osasintha."

Tiyamike anaganiza nthawi ndithu. Nkhaniyo inamugwira mtima.

"Aphunzitsi athu, mayi Esitele, sananene zimenezo."

"Mayi Esitele anawolokapo boda?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye."

"Chabwino. Reti ya lero ndi chiyani?"

"Reti yanji?"

"Yosinthira. Osintha ndalama aja amanena reti m'mawa uliwonse. Ya mita amanena ndani?"

"Ndimanena ine."

"Ndiye lero 100 yathu ndi 85 yawo."

"Mwayamba kumva."

"Iii. Yathu ndiye yochepa mphamvu. Yatsika ndi masentimita 15. Inagwa liti?"

"Sinagwe. Mita siigwa."

"Mwati ili ngati kwacha."

"Ili ngati kwacha pa zina. Pa zina ayi."

"Pa ziti?"

"Amake Mwayi, tengani khasu."

Tiyamike sanatenge khasu. Anakhala pamzere, natambasula miyendo.

"Ndimvetse kaye, kuopa kuti ndingalakwitsenso. Thiraki ya achimwene ikachoka ku Chipata n'kulowa kuno, imatalika kapena imafupika?"

"Thiraki ndi chitsulo."

"Koma mamita ake amachuluka."

"Amachuluka, eee."

"Ndiye imatalika."

"Pang'ono. Simungaone ndi maso. Mukuganiza kuti amaima pa boda masiku atatu chifukwa chiyani?"

"Ndimayesa ndi mapepala."

"Ena ndi mapepala."

"Nanga achimwenewo? Nawonso amatalika?"

"Munthu amakhala mkati mwa thiraki, sizimukhudza."

"Nanga chitenje ichi? N'cha ku Chipata, mamita awiri. Ndinavala kumeneko, ndikuvala kuno, chikundizungulira chimodzimodzi."

"Mwanenepa. Ufa wa esiteti umenewo."

Tiyamike anadziyang'ana m'chiuno.

"Nanga Mwayi? Ku sikelo anamuyeza, anati masentimita 94. A dziko liti amenewo?"

"Anamuyeza kuti?"

"Ku Boma."

"A Malawi."

"Ndiye kunyumba nditamuyeza ndi tepi iyi ndinapezanso 94. Mwanayo ndi wa kuti?"

A Goliati anayang'ana kumsewu. Ngolo inali isanaoneke.

"Ana amakula mosadziwika bwino. Musandisokoneze. Ndodo iyi si yadzana. Ndinailandira kwa kapitawo wakale, malemu a Vincent, mu 2011. Iwowo anaidula poyerekeza ndi ya mzungu amene anali manijala. Tsiku limene ndinailandira inkandifika pamchombo penipeni."

Tiyamike anaimirira, natenga ndodoyo, naiimika pafupi ndi mwendo wa a Goliati mwaulemu, maso ali kumbali.

"Ikulekeza palamba."

"Ndavala nsapato."

"Mu 2011 munalibe?"

"Zinali zina."

"Kapena mwakula."

"Munthu amakula mpaka kufa."

"Kunsongaku kukuoneka kwatsopano."

"Ndinasongola. Inathetheka pang'ono nditapha mphiri kuseri kwa chigafa cha fodya. Kamodzi kokha."

"Nanga kwakudaku?"

"Amayi a kunyumba anasonkhezera nayo moto. Ndinadulako kopserera kokha. Chopserera si mita, ndi makala."

"Munadula masentimita angati?"

"Sindinadule masentimita, ndinadula nsungwi. Mita ili m'kati. Mukameta tsitsi mumasiya kukhala amake Mwayi?"

"Ayi."

"Ndiye."

"Koma ndikadulidwa mapazi ndimafupika."

"Mukudziwa, inu a ku Phalombe vuto lanu ndi limenelo. Munthu akakupatsani mawu, inu mumafuna ndi mafupa omwe. Anzanu onse analandira ndodo, anayeza, anathokoza. Palibe anafunsa za mphiri."

"Anzangawo mizere yawo ndi 105."

"Ya ku Zambia."

"Eee, ya ku Zambia. Nanga bwana akamati 120 amanena ya kuti?"

"Bwana ndi Mmalawi."

"Galimoto lawo analigula ku Joni."

"Galimoto siliyeza mizere."

Apa m'pamene ngolo inatulukira pa mphambano, ng'ombe ziwiri zikuyenda monyinyirika. Pamwamba panagona chitseko chachitsulo chobiriwira pamodzi ndi felemu yake, ndipo pambali pake panakhala a Timoteyo, owotcherera zitsulo a ku Boma. A Goliati anawongola kolala.

"Bwerani muone ntchito ya mita yeniyeni. Khomo lija ndinayeza ndekha ndi ndodo yomweyi. Mulifupi mita imodzi, mulitali mamita awiri ndi theka. Ndinangoimba foni, basi. Mukaona m'mene chilowere, mukatenge khasu popanda mawu ena."

"Chikalowa ndigumula."

"Mwanena nokha."

"Chikapanda kulowa?"

"Chilowa."

Anthu atatuwo ndi mwini ngolo anatsitsa chitsekocho, nachiimika pakhomo. Chinaphimba khomo lonse ndi njerwa za mbali zonse ziwiri, ndipo pamwamba chinagunda malata.

"Kankhani," anatero a Goliati.

Anakankha.

"Pendeketsani."

Anapendeketsa. Fumbi la simenti linagwera a Goliati pamphumi.

"A Timoteyo, mwandipangira geti ya sukulu?"

"Munati wani ndi thuu pointi faifi. Ndi chimenechi."

Tiyamike anali atatambasula kale tepi yake.

"Chitseko, 100 ndendende. Khomo, 85. Mulitali chitseko 250, khomo 212 ndi theka. A Kapitawo, chitsekochi n'cha ku Zambia."

"N'cha ku Boma."

"A Timoteyo, tepi yanu munaigula ku Chipata?"

"Ku Lilongwe," anatero a Timoteyo, akuyatsa ndudu.

Tiyamike anatembenukira kwa a Goliati ndi nkhope yodandaula zenizeni.

"A ku Zambia analanda liti Lilongwe?"

"Palibe analanda Lilongwe. Matepi onse a m'masitolo amalowera pa boda. Ndi akunja onsewo."

"Onse?"

"Onse."

"Ya kuchipatala, ya a Timoteyo, ya mayi Esitele."

"Onse, ndati."

"Ndiye kuti dziko lonse lino mita yathu yatsala imodzi yokha, ili m'manja mwanumo. Muzisamala nayo, a Kapitawo. Boma likudziwa?"

"Musandiseke."

"Sindikuseka. Ndikuopa chiswe."

"Chitsekochi n'cholakwika. A Timoteyo, chibwezeni mukachidule."

"Kudula ndi ntchito ina," anatero a Timoteyo. "Ndipo mukandiuze ndi mita iti."

"Iyi!"

A Goliati anamenya felemu ndi ndodo. Chitsulo chinalira, ndipo kachidutswa ka nsungwi kanauluka n'kugwera pafupi ndi ng'ombe. Tiyamike anapita kukatola kachidutswako, nakapukuta ndi chitenje, nakapereka ndi manja awiri. Kenako anagoneka tepi pa ndodo yotsalayo.

"71."

"Chotsani."

"Yagwanso. Masentimita 14 tsiku limodzi. Ngakhale kwacha imayamba yalengeza."

A Timoteyo anatsokomola utsi, natembenukira kumbali.

"Tsopano ndifunse, kuti ndisalakwitse," anatero Tiyamike. "Ndikamagumula mizere ija, ndiyeze ndi reti ya m'mawa kapena ya masana ano? Ya m'mawa ndi 85 ndi chikhatho, 105. Ya masana ndi 71 ndi chikhatho, 91. Ndipo anzanga aja nawonso agumule, poti yawo yatsalira pa reti yakale?"

"Palibe agumule."

"Ine ndekha?"

A Goliati anayang'ana ndodo, anayang'ana chitseko, anayang'ananso khomo. Anatsitsa mawu kuti mwini ngolo asamve.

"Mizere yanu ija isiyeni."

"Munati ndikuwononga malo a eni."

"Ndati isiyeni. Ili bwino."

"Ili bwino ku Malawi kapena ku Zambia?"

"Konsekonse. Tabwerekeni tepiyo ndiyeze khomoli, a Timoteyo alembe manambala."

Tiyamike anakulunga tepi yake pang'onopang'ono, naimangirira pa mfundo ya chitenje.

"Iyi sikuthandizani, a Kapitawo, ndi yakunja. Chitseko chayezedwa kawiri, ndi matepi awiri, chili bwino. Cholakwika ndi khoma." Anatola khasu lake, nalipereka kwa a Goliati chogwirira chili kutsogolo. "Gumulani, mumangenso. Mvula sidikira munthu."

Mvula yodzalira inagwa Lamlungu pa 17 Novembala, ndipo Tiyamike anawokera fodya wake pa mizere yomwe ija. Chitseko chikadatsamira mtengo wamango, pakhomo papachikidwa thumba la feteleza. Mizere ya matenanti ena onse ili pa masentimita 105. Mwini esiteti watumiza uthenga kuti afika Loweruka kudzayendera minda, ndipo m'galimoto lake mumakhala tepi. Mpaka pano palibe amene wamuuza.