Tsiku Limene Ndinasesa Njuchi Zanga ndi Tsache

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Lungwena. Ine ndine Mayi Estere, mkazi wamasiye, ndipo ndimadyera njuchi. Ndati ndikuuzeni za chaka chimene ndinasesa njuchi zanga ndi tsache ngati mankhusu a mpunga, ndi mmene Mulungu anandidzutsira nditataya mtima.

Malemu amuna anga anandisiyira ming'oma isanu ndi umodzi. Uchi wake ndiwo unali mchere wanga, sopo wanga ndi ulemu wanga pamudzi. Ming'omayo inali kumtunda, kutali ndi minda. Amene anandinyengerera kuti ndiitsitse ndi alamu anga a Yohane, mng'ono wawo wa malemuwo, amene amalima mavwende kudimba. Ankati njuchi zikamatera pamaluwa, mavwende amabereka kwambiri. Ine ndinkaopa mankhwala, koma iwo analonjeza Baibulo lili m'manja, titangotuluka m'tchalitchi, kuti akafuna kupopera azindiuza kutatsala tsiku, nditseke makomo a ming'oma ndi kuifunditsa masaka onyowa. Anati azipopera madzulo okha, njuchi zitabwerera. Ndinati chibale ndi fupa, sichiola. Tinaitsitsa pangolo yawo.

Lachinayi lina mu Ogasiti ndinapita masana kukathira madzi m'mbale zomwera njuchi. Wosunga njuchi amamva mng'oma asanauone, koma tsiku limenelo kunali zii. Pansi panali bii, njuchi zakufa, zina zikungozungulira chagada. Mphepo inkanunkha mankhwala. Ndinakhala padothi n'kulira ngati maliro a amuna anga ayambiranso.

Ndinathamangira kwa alamu. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Alamu, ine sindinapopere. Kapena ndi matenda a njuchi zanuzo." Pamene ankalankhula choncho, masamba a mavwende awo anali akadali ndi madontho oyera. Abale, imfa ya njuchi inandipweteka, koma bodza limenelo ndilo linandilasa pamtima. Lamulungu lotsatira munthu yemweyo anaimirira kutsogolo kuwerenga Mawu, nkhope ili phee ngati sanaphepo ndi ntchentche yomwe. Ine sindinapite kuguwa kukalandira mgonero. Sindikanatha kugwada pambali pawo ndi mtima umene ndinali nawo.

Ming'oma inayi inatheratu. Iwiri yotsalayo inali yofooka, ndipo madimba ena oyandikana nawo anali pafupi kupoperedwa chifukwa nsabwe za m'masamba zinavuta chaka chimenecho. Kuti ndiibweze kumtunda panafunika ngolo ya alamu omwewo, ndipo ine ndi mtima wangawu ndikanalola kufa kusiyana ndi kukaipempha. Tsiku lililonse ndinkadzuka ndikudziwa kuti mwina lero ndikasesa zomaliza. Pemphero langa silinali lokongola ayi. Ndinkangoti, Ambuye, munanditengera mwamuna sindinakufunseni, lero ndikupempha chimodzi, nditumizireni munthu mmodzi yekha wonena zoona.

Lachisanu lotsatira, anthu atatuluka mumzikiti, njinga inaima pakhomo panga. Anali Che Amidu, bambo wachisilamu amene amayenda ndi pampu kumsana kupopera madimba a anthu paganyu. Anakhala pansi chapatali, maso ali pansi.

"Amayi, amene ndinagwira pampu kudimba kwa alamu anu tsiku lija ndine," anatero. "Ndinafunsa za njuchi, iwo anati mwatseka kale. Ankaopa kuti akakuuzani, nsabwe zipeza tsiku lina lodya. Wallahi, pali Mulungu, chakudya sichikutsika."

Kunena zoona, mthiko umene unali m'manja mwanga unatsala pang'ono kuwapeza. Koma ndinakumbukira pemphero langa. Ndinapempha munthu wonena zoona, ndipo Mulungu ananditumizira yemwe uja amene dzanja lake linapha njuchi zanga. Ine ndinkayembekezera wa m'tchalitchi mwathu.

Che Amidu ankadziwa tsiku lopopera la dimba lililonse, chifukwa pampu kuderako inali yawo yokha. Anandilonjeza kuti sadzathiranso mankhwala m'pampu asanadutse pakhomo panga kundiuza ndi pakamwa pawo, osati kumvera za mwini munda. Anayamba kukana kupopera m'mawa maluwa ali otseguka, kapena mwera ukuwomba. Alimi ena anadandaula, iwo n'kumangoti, "Kapezeni pampu ina." Kenako tinayenda limodzi dimba ndi dimba, ine ndikufotokoza kuti popanda njuchi duwa limangogwa, iwo akufotokoza kuti mankhwala amagwira bwino dzuwa litapepa. Ambiri anamva. Mlimi wina anabwereka ngolo, tinasamutsira ming'oma yonse kumadimba a anthu amene anavomera. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine belu la njinga ija likalira, ndimadziwa kuti mawa ndi tsiku la masaka onyowa.

Ming'oma iwiri ija inachira. Inayi yopanda kanthu ndinaitsuka n'kuipaka phula, ndipo mitengo itayamba maluwa, magulu awiri a njuchi anadzalowa okha. Ndinayimba nyimbo ndili ndekha kudimbako.

Chaka chotsatira mavwende a alamu anabereka ochepa, ena opindika ngati zipanda. Anabwera kudzapempha kuti ndibweze ming'oma, akulankhula ngati palibe chinachitika. Ndinawauza kuti ayambe anena chimene chinapha zoyamba zija. Anakumba dothi ndi chala cha kuphazi, kenako anati, "Ndinanama ine, alamu." Mawu atatu okhawo ndinawadikira chaka chathunthu.

Ndinawakhululukira, ndipo Lamulungu limenelo ndinagwada nawo paguwa limodzi. Koma kudimba kwawo ndinapititsa mng'oma umodzi wokha. Bala lija likadalipo, sindikubisirani, ndipo wachiwiri udzapita akadzasunga woyambawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye ndi tsache m'manja. Inu amene mwapwetekedwa ndi munthu wodya naye mbale imodzi, musaleke kupemphera, ngakhale pempherolo lituluke ndi mkwiyo. Ndipo wina akagogoda, musayambe mwafunsa kumene amapemphera. Wanga anabwera panjinga, atabereka pampu yomwe ija. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Amen.